Kapumidwe ka injini ndi kamangidwe ka difu pa hot rod ya mu Harare

Mabuku ndi makatalogi ambiri a hot rod, galimoto zakale zosinthidwa kuti zikhale ndi mphamvu ndi liwiro, ndi ochokera ku America, ndipo manambala ake ambiri anayezedwa m'madera otsika, pa misewu yosalala. Kuno ku Harare tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pa nyanja ya mchere, petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumakhala fumbi lokhalokha, ndipo mvula ikayamba mu Novembala phula limachita maenje. Munthu amene akudzutsa Ford ya 1932 kapena Chevrolet ya m'ma 1950, kaya mu galaja ku Graniteside kaya pansi pa mtengo ku Highfield, akangokopera manambala a m'katalogi amatsala ndi injini yodontha oyilo ndi galimoto yogunda kumbuyo. Zonsezi n'zopeweka mukayeza kaye musanaboole kapena kuwotcherera chilichonse.

Utsi wa m'sampu

Maring'i a pisitoni, ngakhale atsopano, satseka kotheratu. Petulo akayaka, mpweya wina umadutsa m'mbali mwa pisitoni n'kutsikira m'sampu. Mu mpweyawo muli petulo wosapsa, mwaye, asidi ndi nthunzi yambiri, pakuti lita imodzi ya petulo ikapsa imabala madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Madzi ochuluka amatulukira ku ekizozi, koma amene atsikira m'sampu akasowa potulukira amasakanikirana ndi oyilo n'kupanga matope akuda amene amatseka sefa ya pampu ya oyilo ndi kudya mabeling'i. Mukatsegula chivundikiro chothirira oyilo n'kupeza zoyera ngati chambiko, musathamangire kumasula hedi. Ngati madzi a mu radiyeta sakuchepa, kawirikawiri ndiye kuti injini siikupuma kapena siikutentha mokwanira. Vuto lina ndi lakuti mpweyawo ukadzaza m'sampu umafuna potulukira paliponse, ndipo malo ofooka pa injini zakale ndi seal yachingwe ya kumbuyo kwa crankshaft, gasiketi ya sampu ndi paipi ya dipstick. Ambiri amasintha seal imeneyi mobwerezabwereza oyilo n'kumadonthabe, chifukwa chimene chikumukankha sichinachotsedwe.

Yambani ndi kudziwa ngati maring'i akadali ndi moyo, chifukwa palibe valavu ya PCV, yokoka utsi wa m'sampu kuti ukapse m'injini, imene ingamalize utsi wa injini yotheratu. Injini itatentha, chotsani mapulagi onse, tsegulani throttle mpaka kumapeto, muyeze compression ya silinda iliyonse. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, kotero geji imaonetsa zochepa ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi ku Beira kapena ku Durban. Injini imene buku likuti ipereke 150 psi, kuno ipereka 125 kapena 130 ili bwinobwino. Chachikulu n'chakuti masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Silinda yotsika ithireni supuni imodzi ya oyilo muyezenso: nambala ikakwera kwambiri ndi maring'i, ikapanda kusintha ndi mavalavu. Amene ali ndi geji ya leak-down ayezenso nayo. Kutaya kosakwana 10 peresenti n'kwabwino, kukapitirira 20 injiniyo ikufuna kutsegulidwa.

Injini zakale zinkapuma ndi road draft tube, paipi yotsika pansi pa galimoto yodulidwa mopendekeka kumapeto. Galimoto ikamathamanga, mphepo yodutsa pakamwa pa paipiyo imakoka utsi, mpweya watsopano n'kumalowera pa chivundikiro cha oyilo chokhala ndi ukonde wawaya mkati. Imayamba kukoka galimoto ikapitirira makilomita pafupifupi 30 pa ola. Pa mdipiti wa madzulo mu Seke Road kapena Samora Machel Avenue siikoka kanthu, utsi umangofuka pansi pa galimoto n'kulowa m'kati momwe mwakhala. Valavu ya PCV inayamba kukakamizidwa ku California mu 1961 pofuna kuchepetsa utsi m'mizinda, ndipo pofika 1968 galimoto zatsopano ku America zinali ndi mtundu wotsekeka, wotenga mpweya ku sefa ya kabuleta. Kwa ife phindu lake lalikulu ndi oyilo woyera ndi injini youma kunja. Ngati galimoto yanu idzayenda m'tawuni, ikani PCV. Wofuna maonekedwe akale angasiye paipi ija pamalo pake koma aitseke mkati, chifukwa ikakhala yotsegula PCV imakoka fumbi la pamsewu kudzera m'paipimo mpaka mu oyilo.

Mkati mwa valavuyi muli kachitsulo kosongoka kokhala pa sipuling'i yaing'ono. Pa idling vacuum, mphamvu yoyamwa ya mu manifold, imakhala yaikulu, imakoka kachitsuloko n'kusiya kampata kochepa. Pa liwiro wamba vacuum imatsika, sipuling'i imabweza kachitsuloko, mpata n'kukula. Injini ikabwezera moto ku kabuleta valavu imatsekeka kuti motowo usafike m'sampu. Koma valavu payokha siikwanira. Pamafunika polowera mpweya woyera, ndipo pakhale patali ndi valavu kuti mpweyawo usese injini yonse. Pa V8 yokhala ndi mabowo pa zivundikiro za mavalavu, PCV ikhale mbali imodzi, polowera mbali inayo. Mukaika zonse pa chivundikiro chimodzi mpweya umangolowa n'kutulukira pomwepo, sampu osaifika. Chifukwa cha fumbi lathu, polowerapo palumikizidwe ku sefa ya kabuleta ndi paipi ya mamilimita 16 kapena 19. Tizivundikiro tonyezimira ta ukonde wawaya timaoneka bwino koma timasefa zazikulu zokha, ndipo wotigwiritsa ntchito azititsuka ndi parafini ndi kutinyowetsa oyilo nthawi iliyonse akusintha oyilo.

Poika valavu pamadalira injini imene muli nayo. Small block ya Chevrolet ya pakati pa 1955 ndi 1967, monga 265, 283 ndi 327 zoyambirira, ili ndi bowo kumbuyo kwa block pafupi ndi distributor pomwe road draft tube inkamangidwa, ndipo pansi pa manifold pali kachitini kolekanitsa oyilo ndi utsi. Kachitiniko musakataye. Katsukeni, mukabwezere, valavu muiike pa bowo lakumbuyolo, mpweya uzilowera pa paipi yothirira oyilo ya kutsogolo kwa manifold. Ma block a kuyambira 1968, kuphatikizapo 350 zambiri zimene zimapezeka kuno, alibe bowo limeneli. Apa m'pamene ambiri amakodwa: amagula zivundikiro za aluminiyamu zamizeremizere zopanda mabowo, amaika manifold yopanda paipi yothirira, ndiye injini yatsekeka paliponse. Njira yake ndi kupeza manifold yokhala ndi paipi yothirira kutsogolo n'kuboola kumbuyo kwake poloza m'chigwa cha ma lifter, kapena kuboola zivundikirozo m'mbali mosaonekera kwambiri. Flathead V8 ya Ford, imene inapangidwa kuyambira 1932 mpaka 1953, ilibe zivundikiro za mavalavu chifukwa mavalavu ake ali mu block. Pa flathead ya 8BA ya 1949 mpaka 1953 valavu ya PCV imalowa pa bowo la road draft tube pa manifold. Pa flathead zakale kuposa apo, fufuzani kaye pomwe utsi unkatulukira pansi pa injini, mupatseke, apo ayi valavu izikoka mpweya wapanja wosasefa.

Pansi pa bowo lililonse la PCV pakhale baffle, kachitsulo kotchinga oyilo wothovoka. Popanda iko valavu imamwa oyilo, mapulagi amada, ekizozi imatulutsa utsi wabuluu, ndipo munthu amayamba kuganizira maring'i osalakwa. Dulani kachitsulo kochindikala milimita imodzi, kukula kwake pafupifupi mamilimita 60 ndi 80, mukamange mamilimita 10 pansi pa bowo, m'mbali muli motsegula. Matani dongo loumbira la ana pansi pake, vundikirani, zunguzani injini ndi dzanja maulendo awiri, muone ngati ma rocker sakukhudza. Tizomangira take tipakeni mankhwala ogwiritsa ulusi, chifukwa kamodzi kakagwera m'injini ntchito yonse yawonongeka. Magrommet ambiri a PCV amafuna bowo la mamilimita 31 kapena 32, choncho gulani grommet kaye, muboole pambuyo.

Paipi yochoka pa valavu ikhale ya mamilimita 10, yopirira oyilo ndi petulo. Paipi ya heater imafewa n'kuphwatalala vacuum ikakoka. Ilumikizeni pa doko lalikulu la pansi pa kabuleta kapena pa spacer, pamalo pomwe utsi ugawikire masilinda onse. Mukailumikiza pa njira ya silinda imodzi, silinda imeneyo imalandira mpweya wambiri petulo wochepa, imatentha ndipo valavu yake ya ekizozi imapsa. Pa manifold ya makabuleta awiri kapena atatu a Stromberg 97, tengani vacuum pa njira yolumikiza mbali zonse ziwiri. Paipi ya booster ya mabuleki ikhale payokha, isagawane ndi PCV.

Tsopano nkhani ya vacuum, imene makatalogi satiuza. Vacuum imatsika pafupifupi inchi imodzi ya mercury pa mamita 300 aliwonse okwera, ndiye ku Harare timataya mainchi pafupifupi 5. Injini yosasinthidwa imene kunyanja ya mchere imaonetsa 19, kuno imaonetsa 14. Mukaikamo camshaft yaikulu imene kunyanja imapereka 13, kuno mutsala ndi 8. Valavu yopangidwira injini ya vacuum yaikulu siingakokedwe mokwanira ndi 8, kachitsulo kaja kamangonjenjemera kapena kukhala potsegula, idling n'kumakwera ndi kutsika ngati pali gasiketi yobooka. Choncho yezani vacuum ndi geji injini itatentha musanagule valavu. Ikakhala 12 kapena kuposa, valavu wamba ya injini yofanana kukula ndi yanu igwira. Ikatsika pansi pa 10, funani valavu yosinthika, kapena ikani kabowo kosasintha m'paipi, kuyambira pa mamilimita 2 n'kumakulitsa pang'onopang'ono mpaka 2.5.

Kuyeza ngati zatheka n'kosavuta. Injini ili pa idling, chotsani paipi ya polowera mpweya muike kakhadi pabowopo. Kayenera kumamatira pang'ono. Finyani paipi ya PCV ndi pulayala, injini itsike ndi 50 mpaka 80 rpm. Ikatsika kwambiri valavu ndi yaikulu, ikapanda kusintha yatsekeka. Muyeso wodalirika koposa ndi wa paipi yoonekera mkati ya mamilimita 6, yotalika mamita awiri, yopindidwa ngati chilembo U pa thabwa, madzi ali theka. Mbali imodzi ilumikizeni pa paipi ya dipstick, zonse zili m'malo mwake. Madzi akwere chakumbali ya injini ndi kusiyana kwa mamilimita 25 mpaka 75. Akakankhidwira kunja ndiye kuti utsi ukuposa mphamvu ya valavu. Akapitirira 150, polowera mpweya pachepa, ndipo injini iyamba kukoka fumbi kudzera m'ma seal. Paipiyo italike ndithu kuti madzi asamwedwe. Mukatha apa sinthani kabuleta, pakuti PCV yawonjezera mpweya: bwezani sikulu ya idling pang'ono, mutsegule masikulu a msanganizo mpaka geji ya vacuum ifike pamwamba pake. Ngati m'paipi mukupezekabe oyilo ngakhale baffle ilipo, ikani kachitini kotchera oyilo pakati pa valavu ndi manifold, mkati muli waya wa stainless wokhuthala, osati sitiliwulu amene amayoyoka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaipitsa oyilo ngakhale PCV ili bwino. Kuchotsa thermostat ndi chizolowezi chofala kuno, ndipo n'choipa. M'mawa wa Juni ndi Julayi injini yopanda thermostat siifika pa kutentha kochotsa madzi mu oyilo. Ikani ya madigiri 82, ndipo chivundikiro cha radiyeta chikhale chogwira bwino, chifukwa pamtunda pano madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri pafupifupi 95. China ndi pampu ya petulo yomangidwa pa injini. Kuyambira 2013 petulo wa m'Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100 (E20), ndipo labala wakale wa m'pampu amaphwanyika ndi ethanol, petulo n'kumatsikira m'sampu mwakachetechete. Oyilo akamakwera pa dipstick m'malo motsika, akununkha petulo, musalize injini mpaka pampu ndi oyilo zitasinthidwa.

Kumbuyo kwa galimoto

Difu imafuna kugwiridwa kuti isapite kutsogolo kapena kumbuyo, isapite cham'mbali, ndiponso isagudubuke. Matayala akamakankha galimoto, chigoba cha difu chimafuna kuzungulira chobwerera, pinion, giya ya difu yolumikizidwa ku propshaft, n'kudzuka m'mwamba. Mphamvu yake si yamasewera: injini ya 400 Nm, giya yoyamba ya 2.5 ndi difu ya 3.5 zimapereka pafupifupi 3,500 Nm. Pa Ford za mpaka 1948 mphamvu imeneyi inkanyamulidwa ndi torque tube, chipaipi chokuta propshaft chomangidwa kumbuyo kwa giyabokosi. Ma radius rod, tizitsulo tiwiri topyapyala tochoka ku mikono ya difu kupita ku torque tube, ntchito yawo inali kungogwira mikono ya difu kuti isapotoke. Munthu akaika giyabokosi yamakono, n'kuchotsa torque tube, n'kusiya ma radius rod okha, amapindika kapena kuthyoka pafupi ndi difu, ndipo amathyoka galimoto ili pa liwiro. Pamafunika mikono yolimba yogwira difu ku chesisi: ladder bar, four-link (mikono inayi), kapena torque arm yowonjezera. Kumbukiraninso kuti difu yakale ya Ford, yotchedwa banjo, inkapumira mu torque tube momwemo. Mukaichotsa, boolani pamwamba pa mkono wa difu muike kapaipi kopumira kokwera mpaka ku chesisi, kukamwa kwake kutaloza pansi kuti madzi a m'zithaphwi asalowe. Popanda ichi oyilo wa difu akatentha amatulukira m'ma seal n'kunyowetsa mabuleki.

Difu ya Ford 9-inch, imene inapangidwa kuyambira 1957 mpaka 1986, ndi yolimba koma njosowa kuno. Difu za Toyota Hilux zina zosakhala 4x4 zili ndi mabawuti 5 pa mamilimita 114.3, mofanana ndi marimu a Ford zapambuyo, ndipo zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Marimu a Ford ya 1940 ndi a 5 pa 139.7, ndiye dziwiranitu marimu amene mukufuna musanagule difu. Imikani matayala enieniwo pansi pa bodi pomwe mukufuna akhale, muyeze mtunda wa pakati pa nkhope zamkati za marimu. Umenewo ndiwo utali wa difu yofunika, ndipo pakati pa tayala ndi bodi pasiyidwe mamilimita osachepera 25.

Miyeso yonse ya kumbuyo imatengedwa galimoto ili pa msinkhu umene idzayendere. Pezani simenti yosapendekeka, khazikani chesisi pa ma stand, injini, giyabokosi, bodi ndi batire zili m'malo mwake. M'malo mwa anthu awiri ikani matumba a mchenga a makilogalamu 150, ndipo thanki ya malita 50 muiwerengere makilogalamu 37. Lembani mzere wa pakati pa chesisi pa simenti pogwiritsa ntchito chingwe chokhala ndi cholemera. Ikani difu pa wheelbase yake (mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo), mamilimita 2,629 pa Model A, 2,692 pa Ford ya 1932, 2,845 pa za 1933 mpaka 1940, kenaka yezani mopingasa kuchokera pa mfundo ziwiri zofanana za kutsogolo kwa chesisi. Miyeso iwiriyo isasiyane kupitirira mamilimita 3, apo ayi galimoto iziyenda chammbali ndi kudya matayala. Mukakhutira, gwirizitsani difu ku chesisi ndi tizitsulo tosakhalitsa kuti isasunthe pamene mukupanga mabulaketi.

Msinkhu umenewu musautsitse mopitirira. Pakati pa difu ndi chesisi pakhale mamilimita osachepera 75 oti difu ikwere, ndipo pa misewu yathu 90 ndi abwino koposa. Ngati malo sakukwana, dulani chesisi pamwamba pa difu muike C-notch (mpata wonga chilembo C) yotsekedwa mbali zonse ndi chitsulo cha mamilimita 4 kapena 5. Pansi pa galimoto tikulangiza mamilimita 130 kuti mudutse mahampu, ndipo pasakhale bulaketi, bawuti ya shock kapena paipi yotsika kuposa mkombero wa rimu, chifukwa tayala likaphulika chitsulo chimenecho chimakumba phula galimoto n'kutembenuka.

Amene akusunga sipuling'i yopingasa ya Ford asamale kwambiri poichotsa. Imakhala yokokedwa ngakhale galimoto ili pa jeke, makamaka ya Model A, ndipo ikadumpha imathyola mkono. Gwiritsani ntchito spreader, chida chotambasulira sipuling'i, ndipo pomasula bawuti yapakati manani masamba ndi ma clamp awiri. Masamba atsukeni dzimbiri, songolani nsonga zake kuti zisakumbe tsamba lapansi, mupake girisi. Galimoto yopepuka imafuna masamba ochepa, koma chotsani limodzilimodzi mwa afupiafupi, lalikulu ndi lachiwiri osawakhudza. Kutembenuza maso a tsamba lalikulu kumatsitsa galimoto pafupifupi mamilimita 25, ndipo ntchito imeneyi ndi ya akatswiri a masipuling'i. Kutenthetsa sipuling'i ndi moto wa gasi kuti igwe kumapha chitsulo, ndipo posakhalitsa imathyoka pomwe inatenthedwapo. Galimoto italemedwa, ma shackle (tizitsulo tolumikiza maso a sipuling'i ku difu) apendekeke madigiri pafupifupi 45. Akatero sipuling'i imagwira difu kuti isapite cham'mbali. Akalendewera choongoka, bodi imagwedezeka uku ndi uku pokhota ndipo pafunika Panhard bar, chitsulo chopingasa cholumikiza difu ku chesisi. Mutu wa bawuti yapakati ulowe bwino m'bowo lake pa crossmember musanamange ma U-bolt.

Ladder bar zimagwirizana ndi sipuling'i yopingasa, koma kamangidwe kake n'kofunika. Za mpikisano wothamanga mowongoka zimakhala zazifupi, zoloza kutsogolo molunjika. Pamsewu, tayala limodzi likagwa m'dzenje linalo lili pamwamba, zimakakamiza chigoba cha difu kupotoka, mabulaketi n'kuyamba ming'alu. Za pamsewu zikhale zazitali, mita imodzi kapena kuposa, ndipo kutsogolo ziyandikane pakati pa chesisi pafupi ndi universal joint yakutsogolo, zitamangidwa pa mabushi a labala kapena urethane. Four-link yolunjika imayenda mofewa kuposa apa koma imafuna Panhard bar. Four-link yamakona atatu siifuna Panhard, bola mikono yapamwamba ipendekeke madigiri osachepera 30 uliwonse kuchokera pa mzere wa pakati, ndipo 45 ndi yabwino ngati malo alola. Ma rose joint, mfundo zachitsulo zopanda labala, ndi a mpikisano wa ku bwalo la Donnybrook. Pamsewu wafumbi amatha msanga, amachita phokoso, ndipo amapereka kugunda konse kwa dzenje ku chesisi.

Mikono yonseyi ipangidwe ndi paipi yopanda msoko ya mamilimita 25, khoma lake mamilimita 4. Paipi ya madzi ndi ya mipando ayi. Mabulaketi akhale a mamilimita 5 kapena 6, awiri pa mfundo iliyonse kuti bawuti igwiridwe uku ndi uku, ndipo pa chesisi amangidwe pamalo otsekedwa mbali zonse. Mabawuti akhale a mamilimita 16 olembedwa 10.9 pamutu, kapena a 5/8 a Grade 8 okhala ndi timizere 6. Kaya mukugula ku Msasa kaya mu Kaguvi Street, yang'anani pamutu, ndipo yosalembedwa kanthu isiyeni. Gawo losalala la bawuti lidutse mabulaketi onse awiri, ulusi ukhale kunja, nati ikhale ya nyloc.

Panhard bar ikhale yaitali mmene mungathere ndiponso yogona mosapendekeka galimoto italemedwa. Ya mamilimita 900 yogona bwino imasuntha difu mamilimita 3 okha difu ikakwera 75. Ya mamilimita 450 imasuntha 6. Ya 900 yomweyo ikayamba ili yopendekeka ndi mamilimita 100, kuyenda kwa 75 kowonjezera kupendekekako kumasuntha difu pafupifupi 12, ndipo woyendetsa amamva kumbuyo kukutembenuka pa hampu iliyonse.

Pa madigiri a pinion m'pamene kunjenjemera kwambiri kumabadwira. Universal joint ikapendekeka siizungulira mofanana: imathamanga ndi kuchedwa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo yachiwiri ya pa propshaft ndiyo imafafaniza zimenezi ngati madigiri a zonse ziwiri ali ofanana. Yezani kupendekeka kwa injini ndi giyabokosi, kumene kawirikawiri kumakhala madigiri 3 chotsika kumbuyo. Pinion iloze m'mwamba ndi madigiri 3 omwewo. Kenaka yezani propshaft: kusiyana kwake ndi giyabokosi, ndiponso ndi pinion, kukhale pakati pa digiri 1 ndi 3, ndipo mbali ziwirizo zisasiyane kupitirira digiri imodzi. Kusakhale 0, chifukwa tinsingano ta m'joint tikapanda kugudubuka timakumba malo amodzi. Poganizira kudzuka kwa pinion pokoka, itsitseni theka la digiri pa ladder bar, digiri imodzi pa four-link ya mabushi, ndi madigiri 2 pa masipuling'i amasamba oloza kutsogolo. Mafoloko a mbali zonse za propshaft akhale pa mzere umodzi, ndipo slip yoke ikhale itatuluka mamilimita 20 mpaka 25 galimoto ili pa msinkhu wake.

Ma shock aimirire mmene malo angalolere, ndipo akhale pafupi ndi matayala. Kupendekeka kumadya mphamvu yawo: pa madigiri 20 pamatsala 88 peresenti, pa 30 pamatsala 75, pa 45 theka lokha. Pa msinkhu woyendera, magawo 60 pa 100 a ulendo wa shock akhale opita m'mwamba, 40 opita pansi. Labala wa bump stop agunde shock isanathe ulendo wake, apo ayi dzenje limodzi lozama limathyola bulaketi. Wosankha coilover, shock yokhala ndi sipuling'i yozungulira, awerengere chonchi: ngati kumbuyo masipuling'i akunyamula makilogalamu 500, mbali imodzi ndi 250, amene ndi mapaundi 550. Sipuling'i ya mainchi 10 ifinyike pafupifupi mainchi 2.75, ndiye 550 kugawa ndi 2.75 ndi 200 lb/in. Ikapendekeka madigiri 20 gawaninso ndi 0.88, mupeza 227, mugule ya 225. Ambiri amagula zolimba kwambiri poopa kugunda, koma kugunda kumachiritsidwa ndi malo oyendamo difu, osati kulimbitsa sipuling'i.

Mabulaketi onse ayambe agwiritsidwa ndi timadontho towotcherera. Chotsani masipuling'i ndi tizitsulo tosakhalitsa tija, mukweze ndi kutsitsa difu ndi jeke ulendo wake wonse, kenaka mbali imodzi m'mwamba inayo pansi. Onani ngati palibe chomangika, ngati propshaft siikhudza pansi pa bodi, ngati ekizozi yatalikira mamilimita 25 ku chilichonse choyenda, ndiponso ngati paipi yofewa ya mabuleki siikukokeka difu ikalendewera. Mukakhutira tsitsani difu, chotsani ma shaft, mabeling'i ndi ma seal, muwotcherere mamilimita 25 okha nthawi imodzi, mukusinthasintha mbali ndi kudikira kuti pazizire. Kuwotcherera mosalekeza mbali imodzi kumakoka mkono wa difu, ndipo mkono wokhota umadya mabeling'i ndi matayala. Mukamaliza, perekani chigobacho kwa a injiniyaring'i achiyeze ngati chili chowongoka musanabwezeremo zamkati.

Mabawuti a mabushi a labala amangidwe komaliza galimoto itaima pa matayala ake italemedwa. Mukawamanga ili pa jeke labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amang'ambika msanga. Poyesa pamsewu, kunjenjemera kumene kumabwera mukaponda mafuta n'kutha mukasiya n'kwa madigiri a pinion, pamene kongokula ndi liwiro mosasamala phazi lanu n'kwa propshaft kapena matayala osalinganizidwa. Mukayenda makilomita 500 oyamba mangitsaninso ma U-bolt ndi mabawuti onse a mikono, ndipo pukutani mowotcherera monse muunike ndi tochi. Kamzere kofiira ka dzimbiri m'mphepete mwa bulaketi ndi mng'alu umene wayamba, ndipo galimoto isatuluke mpaka pamenepo patakonzedwa.